Tsiku Limene Pedulo Inasiya Kulira

Pedulo ya kumanzere ya njinga ya bambo anga inkalira. Sikuti inkasokosa kwambiri ayi, inkangoti kwii, kwii, nthawi iliyonse phazi lawo likatsika. Inayamba tsiku lachitatu la ulendo wathu, ndipo pofika sabata yachitatu ndinkaimva ngakhale ndili m'bafa, njinga zitangoima phee. Ine ndine wa mtima wapachala, zimenezo sindibisa. Kwathu amanditchula Tsabola, ndipo anandipatsa dzinalo ndi bambo omwewa ndili ndi zaka zinayi, nditaluma mlendo pantchafu chifukwa anakhalira mpando wanga.

Bambo anagwira ntchito yoperekera makalata pa njinga kwa zaka makumi atatu. Atapuma pantchito anakhala pakhonde zaka zisanu, akumvera wailesi ndi kukangana ndi nkhuku. Ndiye tsiku lina tikudya masana anangolengeza kuti akufuna kupalasa msewu wonse wa m'mbali mwa nyanja yamchere, kuchokera pomwe umayambira mpaka pomwe umathera, makilomita oposa chikwi chimodzi. Anati moyo wawo wonse anapalasa kupita kumene envulopu yalamula, tsopano akufuna kupita kumene mtima wawo wafuna. Amayi anaika supuni pansi. Achimwene anga anafunsa ngati kuchipatala awasinthira mankhwala.

Vuto silinali zaka zawo 67, chifukwa miyendo imeneyo inali yolimba kuposa ya achimwene. Vuto linali matenda a shuga. Bambo amadzibaya jakisoni m'mawa ndi madzulo, ndipo munthu wa jakisoni ameneyu akapanda kudya bwino, kenako n'kugwira ntchito yolemetsa, shuga wa m'thupi amatsika mpaka munthu kukomoka. Akachedwa kuthandizidwa sadzukanso. Ine ndinati ndipita nawo. Ndinapita nawo kwa namwino, iye n'kufotokoza zonse, ine n'kulemba m'kabuku. Ntchito yanga ndi yophunzitsa anthu kuyendetsa galimoto. Tsiku lonse ndimakhala pambali pa anthu akuluakulu n'kumawakalipira kuti, “Yang'anani pagalasi! Kumbuyoko kulinso anthu!” Ndiye aliyense pabanja anavomereza kuti ngati pali munthu wosamala, ndi ineyo.

Tsiku lonyamuka amayi anagwira handulo ya njinga yanga pageti, osaisiya msanga.

“Ndakupatsa bambo ako akuyenda ndi miyendo yawo,” anatero. “Udzandibwezere momwemo.”

Tinkayenda motere: ine patsogolo kuwatchingira mphepo, iwo pambuyo, tayala lawo lakutsogolo likununkhiza langa lakumbuyo. Bambo akakhala pa chishalo sayankhula, amati mpweya ndi wa miyendo. Ine ndinali ndi chisoti, magolovesi, kabudula wothina ndi zikwama ziwiri zopachika m'mbali. Iwo zonsezo anakana. Ankavala kapusi yakale ya kuntchito, malaya a manja aatali ndi thalauza lopisira m'masokosi, ndipo njinga inali yomwe ija yakuda ya magiya atatu. Chomwe chinkaonetsa kuti ndi munthu wapaulendo chinali chikwama chofiira pa kaliyala basi.

M'mawa wa tsikulo tinadzukira m'chipinda cha nyumba ya alendo, cha mabedi awiri achitsulo, ndowa pakona ndi msomali umodzi kuchitseko womwe tinkalimbirana pokoleka zovala. Njinga tinagona nazo momwemo, zitatsamira khoma. Bambo atapita kukasamba, ndinatulutsa kabotolo ka oilo wa tcheni n'kugwada. Ndinadonthezera pa pedulo ija madontho asanu, n'kuizunguza ndi dzanja. Inati kwii kamodzi, kenako zii. Ndinasangalala ngati ndapha udzudzu wondisowetsa tulo.

Atalowa anaona oilo pa simenti.

“Wamutani mnzanga?”

“Ndamutseka pakamwa, bambo. Masabata atatu akungolongolola.”

“Aa, iwe Tsabola. Ameneyo amandiwerengera mtunda. Tsopano ndizicheza ndi ndani?”

“Muzicheza ndi ine.”

“Iwe sucheza, umalalikira.”

Anadzibaya jakisoni pamimba monga mwa masiku onse. Koma titatsegula pepala la buledi tinapeza wachita nkhungu pafupifupi yense. Anadula kachidutswa kabwinoko n'kumwera tiyi. Ndinawapatsa nthochi, anati ayi, zikhale za pachitunda. Mayi a nyumba ya alendo anati mudzi wakutsogolo uli ndi tiyirumu, tikadya kumeneko. Mapu ankaonetsa zitunda zinayi zotsatizana, ndiye ndinachita zomwe ndinkaganiza kuti mwana wabwino amachita: ndinamasula chikwama chofiira pa kaliyala yawo n'kuchimangirira pa yanga. Anatsutsa pang'ono, koma ndinawagonjetsa monga ndimagonjetsera aliyense.

Titayenda makilomita asanu ndi imodzi tinafika pamlatho wa matabwa. Thabwa limodzi linali lokhwepa, ndiye ndinacheuka kuti ndiwachenjeze. Anandikwezera dzanja. Titangowoloka, mphepo ya kunyanja inayamba kutiwomba kumaso, ikulira m'makutu. Ndinaweramira pa handulo n'kumakankha. Kumanja kunali nyanja, mafunde akuswekera pamiyala, kumanzere minda, mbuzi ndi nyumba za malata odyeka ndi mchere. Ndipo ndinayamba kulalikira. Ndinawauza bambo za achimwene, amene sabwera kudzawaona koma pa foni amalamula ngati ndi dokotala. Ndinawauza za mayi wina amene ndamuphunzitsa miyezi isanu ndi iwiri koma sadziwabe kusiyanitsa buleki ndi kilachi. Palibe anayankha, koma bambo ndi kale lomwe sayankha.

Pamudzi wa pamphambano, pomwe kamsewu ka mchenga kamapatukira kugombe, tiyirumu ija inali yotseka, benchi itapingasa pachitseko. Ndinakuwa osacheuka, “Yatseka, bambo! Tikadya kutsogolo!” Ndinapitirira. Ndinakwera chitunda chachiwiri, chachitatu, ndipo ndikukumbuka kuti ndinkanyadira mumtima kuti mdala wanga akukwera lero osadandaula.

Pamwamba pa chitunda chachinayi ndinaima, n'kuika phazi pansi.

“Bambo, madzi ndi nthochi. Pano simukana.”

Ndinacheuka. Kunalibe munthu. Msewu unkaoneka wonse kutsetsereka mpaka kuchigwa, wopanda kanthu, mbuzi imodzi yokha itagona pa phula. Ndinayang'ana wotchi. Chichokereni pamlatho paja panali patadutsa ola limodzi ndi mphindi makumi anayi. Masabata atatu onsewo sindinkadziwa kuti amene amandiuza kuti bambo alipo ndi kwii uja. Akatalikira, miyendo yanga inkachepetsa yokha. Akayandikira, ndinkawonjezera. Ine ndinkangomva ngati phokoso londisowetsa mtendere, ndipo ndinalithira oilo ndi manja anga.

Ndinadziuza kuti tayala laphwa, akumata chubu pamthunzi penapake uku akundiseka. Ndinaimba foni yawo. Inayamba kulira kumbuyo kwanga, m'chikwama chofiira. Ndinamasula chikwamacho n'kutsegula zipi. Foni inali momwemo. Kamakina koyezera shuga kanali momwemo. Masiwiti, paketi ya shuga, nthochi zinayi, zomatira chubu, zonse zinali ndi ine pamwamba pa chitunda. Bambo anali kwinakwake kumbuyoko ndi jakisoni m'thupi, kachidutswa ka buledi m'mimba, ndi matumba opanda kanthu. Ndinachita mantha omwe sindinachitepo chibadwire.

Ndinatembenuza njinga n'kuliyatsa liwiro. Mphepo tsopano inali kumsana, ndipo ndinkatsika osagwira buleki, maso ali m'mbali mwa msewu, m'ngalande, pansi pa mtengo uliwonse. Chitsa chilichonse chakuda chinkaoneka ngati iwo. Ndinkakuwa “Bambo!” mpaka kukhosi kunayamba kuwawa. Ndinafunsa mayi wosenza nkhuni, anapukusa mutu. Ndinafunsa amuna awiri okwirira maenje a pamsewu, anati ayamba ntchito chakumene. Pakona iliyonse ndinkati ndiwapeza kuseriku, ndipo kuseri kulikonse kunali phula lokhalokha.

Pamudzi wa pamphambano paja panali golosale yokhala ndi waya pa kauntala, ndipo pakhonde pake telala ankasoka yunifolomu ya sukulu. Ndinaima pamaso pake osatsika n'komwe.

“Pepani bambo, moni ndikupatsani bwino ndikabwerera. Mwaonako bambo achikulire pa njinga? Apaulendo ngati ine, tili limodzi.”

Telala anaimitsa makina. Anayang'ana chisoti changa, magolovesi, zikwama.

“Wapaulendo amene wadutsa pano lero ndi inu nokha, mayi. Ndinakuonani m'mawa mukuyankhula nokha.”

“Ali ndi chikwama chofiira kumbuyo,” ndinatero. Inde, ndinanena choncho, chikwamacho chili pa kaliyala yanga. Mutu unali utaima.

“Wa chikwama ayi. Kwangodutsa chidakwa china chokalamba, njinga ikuyenda uku ndi uku, chikutukwana anthu. M'mawa wonse uno, mowa anautenga kuti kaya. Chalowera kugombeko.”

Ndinapeza nthawi yokwiya. Mkati mwa mantha onsewo, ndinapsa mtima kuti munthu wosoka makabudula akuika bambo anga pamodzi ndi zidakwa za m'mudzi mwake.

“Bambo anga si chidakwa,” ndinatero. “Chibadwire sanalawepo mowa. Ngakhale pa ukwati wanga anamwa madzi.”

“Ndiye si amenewo,” anatero telala, n'kupondanso makina ake.

Ndinapitirira ndi msewu waukulu. Makilomita asanu ndi anayi mpaka pamlatho, ndipo ndinawapalasa onse. Nditafika ndinagwetsa njinga n'kutsikira kumtsinje. Ndinayang'ana pansi pa matabwa, m'mabango, m'madzi momwe. Ndinakwera, ndinaima pakati pa mlatho n'kukuwa mbali zonse. Kunalibe ngakhale nyumba pafupi. Apa ndi pomwe anandikwezera dzanja, ndiye anali pakati pa mlathowu ndi chitunda chija, ndipo msewu wonsewo ndinali nditauyenda kawiri. Ndinakhala pansi n'kutsegulanso chikwama chofiira, sindikudziwa kuti ndinkafunamo chiyani. Pansi pa nthochi panali kabuku kanga ka kwa namwino. Ndinatsegula tsamba loyamba, ndipo zolembazo zinali za dzanja langa: thukuta, kunjenjemera, lilime kulemera, kupsa mtima popanda chifukwa, kudzandira. Pansi pake panali mzere womwe ndinaudula kawiri ndi bolopeni. Anthu angaganize kuti waledzera.

Ndinasanza pomwepo, pamatabwa. Telala anandiuza kumene bambo ali, anandilozera ndi njira yomwe, ine n'kumuyankha za ukwati wanga.

Ndinamasula zikwama zanga ziwiri n'kuziponya m'udzu, tenti, poto, zovala, zonse. Ndinasiya chofiira chokha. Tsopano mphepo inabwereranso kumaso, ndipo msewu unali wokwera. Miyendo inali itatha kale. Lole ya mchenga inatulukira kumbuyo, ndinatambasula dzanja n'kukuwa, dalaivala n'kundiimbira hutala mwansangala ngati ndikumupatsa moni. Pa kilomita yachisanu mnofu wa katumba unakokana, ndinapalasa ndi mwendo umodzi mpaka unamasuka. Ndinkawerengera nthawi m'mutu, n'kusiya chifukwa yankho lake linkandiopsa, n'kuyambanso. Maola awiri chidutsireni iwo pamudzi paja, mwina kuposa. Namwino anati munthu akakomoka ndi nkhani ya mphindi. Ndinapemphera mosalongosoka, theka kupempha theka kukalipa. Ndinaganiza za amayi atakhala pakhonde, foni ili pamiyendo, akudikira kuti madzulo tiwaimbire.

Telala anali akuluma ulusi pamene ndinafika.

“Mwabwereranso, mayi?”

Ndinaika phazi pansi. Ndinamufunsa ndili wefuwefu.

“Chidakwa chija. Chinavala chiyani?”

“Kapusi yakutha. Thalauza anapisira m'masokosi ngati wapolisi wakale.”

“Ndi bambo anga. Sanaledzere, akudwala shuga.”

Mayi a golosale, omwe ankamvetsera kuseri kwa waya, anatulukira pakhomo atagwira pakamwa.

“Mayo ine! Analowa muno. Ankangoti shu, shu, lilime litalemera. Ine ndimayesa akundiuza kuti ndikhale chete m'golosale mwanga momwe. Kenako analowetsa dzanja pawindo n'kugwira botolo la masiwiti. Ndinawamenya padzanja. Atayamba kukalipa tinawakankhira kunja.”

Bambo anafika pomwe panali shuga. Ndi mutu wosokonezekawo anadziwabe chomwe thupi lawo likufuna, analigwira ndi botololo, ndipo mayiwo anawamenya padzanja ngati kamwana kakuba. Ndinkafuna kugwetsa golosale yonseyo, koma nthawi ndinalibe.

“Ndani akanadziwa, mayi?” anatero telala, ataimirira.

“Ine. Ine ndinkadziwa. Chipatala chili kuti?”

“Kutali, kuseri kwa zitundazo. Mlamu wanga ali ndi kagalimoto konyamulira nsomba, ndikamufunefune. Inu tsikani. Njira ndi imodzi, imakathera kunyanja.”

Kamsewu ka kugombe kanali ka mchenga wofewa. Matayala anamira, ndinayesa kukankha, kenako ndinaisiya njingayo pakati pa njira n'kuyamba kuthamanga, chikwama chofiira nditachikumbatira pachifuwa. Mumchengamo munali mzere wa matayala opyapyala wokhotakhota, ndipo pamalo awiri panali pofukukafukuka pomwe munthu anagwa n'kudzukanso. Pamalo achiwiriwo panali kapusi yawo. Sindinaitole.

Kugombe kunali mabwato okokeredwa kumtunda, mathandala oyanikapo nsomba, ndi shedi ya malata yosungiramo maukonde. Njinga yakuda inali itatsamira bwato lovundikira, wina ataiimika bwinobwino. Amuna anayi ankasoka ukonde pamthunzi.

“Mwini njinga iyi ali kuti?”

Wamkulu wa iwo, wa ndevu zoyera, analoza ndi chosokera.

“Kuseri kwa shediko. Anagwera pa ukonde wathu, ndiye tinamunyamula. Tamuthira madzi kumutu, tamugoneka pamthunzi kuti mowa utsike. Musade nkhawa, palibe wamukhudza m'matumba.”

Ankanena mokoma mtima, ndipo zimenezo zinandipweteka koposa.

Anali atawagoneka cham'mbali pa thumba lakale. Pakamwa panali yasa, mchenga utamatirira pa tsaya, ndipo nyerere zinkayenda pa kolala. Malaya anali nyowe ndi thukuta koma khungu linali lozizira. Ankaliza mkonono wachilendo, wokoka, wokhala ndi mipata yaitali pakati. Ndinawagwedeza paphewa, ndinawaitana, ndinawatsina padzanja. Chikope chinangogwedezeka pang'ono. Ndinatulutsa kamakina. Kapepala koyamba koyezerapo magazi kanagwera mumchenga. Kachiwiri ndinalowetsa chozondoka. Pa kachitatu ndinawaboola chala, magazi n'kutuluka kadontho, ndipo kamakinako sikanaonetse nambala. Kanangolemba chizindikiro choti shuga watsika kupitirira pomwe iko kamatha kuwerenga.

Munthu wokomoka sumumwetsa, amatsamwa. Zimenezo ndinazikumbuka. Ndinang'amba paketi ya shuga ndi mano, ndinanyowetsa chala ndi madzi a m'botolo, ndinachipisa mu shuga n'kuchilowetsa m'kamwa mwawo. Ndinapaka m'kati mwa tsaya ndi m'nkhama, n'kutikita kunja kwake. Ndinabwereza. Anthu anayamba kusonkhana. Wina anati mchere ndiye umadzutsa woledzera, wina anati awathirenso madzi.

“Sanaledzere!” ndinakuwa. “Aliyense amene anenenso za mowa ndithana naye!”

Mayi wina wa pathandala, manja ali mamba okhaokha, anagwada pambali pa bambo. Anapukuta manja pa nsalu yake n'kuika mutu wa bambo pa ntchafu zake, n'kumawachotsa nyerere imodziimodzi.

“Pakani, mwanawe,” anatero. “Ine ndawagwira.”

Ndinapaka. Mphindi zisanu, palibe chosintha. Mphindi khumi, mkonono uja unaima kwa nthawi yaitali moti ndinaika khutu pachifuwa pawo, kenako unabwerera. Shuga anali atandimatirira mpaka m'chigongono. Ndinkawayankhula mosalekeza. Ndinawapepesa, ndinawakalipira kuti anakaniranji nthochi, ndinawapepesanso. Ndinawauza kuti amayi andipha, kuti achimwene adzanena mpaka kalekale kuti ananena, kuti sangandichite zimenezi pagombe la eni, pathumba lonunkha nsomba. Ndinalira poyera, mamina ndi misozi, pamaso pa anthu osawadziwa. Amuna a ukonde aja anali atavula zipewa, ndipo ndinawalamula kuti azivalenso chifukwa palibe wamwalira.

Kenako kukhosi kwawo kunagwedezeka. Anameza.

“Ameza,” anatero mayi wa nsomba. “Mwaona? Amezanso.”

Ndinapaka wina, anameza. Dzanja lawo linasuntha mumchenga. Mayi uja anawadzutsa pang'ono kuti atsamire pachifuwa pake, ndipo maso awo anatseguka. Anayang'ana malata a shedi, anayang'ana miyendo ya anthu otizungulira, kenako anayang'ana ine. Anandiyang'ana mwaulemu, monga munthu amayang'anira mlendo amene wamupatsa malo m'basi.

“Bambo! Bambo, mukundimva? Mezani.”

Anameza, n'kunyambita milomo. Mawu anatuluka olemera, amodziamodzi.

“Zikomo, mayi. Ndinu achifundo.”

“Bambo, ndi ine. Ndine mwana wanu.”

Sizinawafike. Anafufuza dzanja langa lomata shugalo n'kuligwira ndi manja awo onse awiri.

“Mayi, ngati mukulowera kumtundaku, mundithandize. Mwana wanga wamkazi ali kutsogoloko pa njinga. Ndamuitana, ndamuitana, mphepo ikungondibwezera mawu.” Anapuma, n'kumezanso. “Musakamukalipire ayi. Wanyamula katundu yense yekha, wake ndi wanga yemwe. Mungomuuza kuti ndatsalira m'mbuyo muno, andidikireko pang'ono.”

Mayi wa nsomba anandiyang'ana, kenako anayang'ana kumbali. Kumtunda kunamveka hutala ya kagalimoto ka nsomba kaja, ndi injini ikulimbana ndi mchenga.

“Ndikamuuza, bambo,” ndinatero. “Yasamani kaye.”

Anayasama. Ndinanyowetsanso chala n'kuchipisa mu shuga.